Diso la Nangondo m'Mapepala a a Katochi

A Katochi tinawaika m'manda Lachiwiri lapitali, kumudzi kwa amayi awo kuseri kwa Mitundu. Anthu anachuluka ngati kuli msika. Ena anabwera pa lole ya fodya kuchokera ku Nathenje, ena wapansi, ndipo amayi okalamba amene sindinawaonepo ankalira mokuwa ngati wamwalirayo ndi wa bere limodzi nawo. Ine ndinaima kumbuyo, chipewa chili m'manja, ndipo ndinene chilungamo: chimene chinandigwira si chisoni chokha ayi. Inali nsanje. Munthu wa imvi ngati ine, telala wodziwika pa Nathenje ponse, kuchitira nsanje munthu ali m'bokosi! Koma ndi mmene zinalili, ndipo nsanjeyo sinayambire pamaliropo.

Dzina lawo la ubatizo linali Yesaya, koma ndikukayika ngati pa Nathenje panali anthu khumi olidziwa. Tonse tinkawatchula ndi dzina la kachipangizo kawo, kachitsulo kotalika ngati chitsononkho, ka mabatire awiri m'mimba, kanyale kumutu ndi kabowo kosuzumirapo. Anagwira ntchito zaka zambiri ku chipatala cha ku Nkhoma akuthandiza dokotala wa maso, ndipo pamene iwo ankapuma pantchito, dokotalayo anawasiyira katochiko. Kupumako kunali kwa pakamwa chabe. Tsiku la msika wa ku Mitundu ankaona odwala kwawoko, tsiku la msika wathu ankapalasa njinga mtunda wonsewo, thalauza atalimanga ndi luzi m'akakolo, n'kufika pa sitolo ya a Saidi dzuwa lisanatenthe. A Saidi anawapatsa kachipinda ka m'mbali kopanda zenera, khomo lake lotulukira pakhonde. Makina anga osokera anali pakhonde lomwelo, ndiye pakati pa ine ndi ntchito yawo panali bulangete lokha lotchinga pakhomo.

Ntchito yawo inali iyi. Ankadontheza mankhwala m'maso mwa wodwala, n'kumukhazika panja theka la ola. Kenako ankamulowetsa mumdima muja, n'kukhala naye maondo atagundana, n'kuyatsa katochi. Diso lamanja ankaliyang'ana ndi diso lawo lamanja, lamanzere ndi lamanzere, kuti mphuno zisagundane. Akasuzumira pang'ono ankatembenukira ku pepala, n'kujambula zimene aona. Bwalo ankalilemba ndi chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. M'kati mwa bwalolo ankajambula timitsempha ta magazi ta kuseri kwa diso, totuluka pa kamalo koyera n'kumagawikana mpaka kutheratu: topita ndi magazi ndi pensulo yofiira, tobwerera ndi yabuluu. Pamene kamtsempha kapanikiza kanzake ankaikapo kamtanda, pamene magazi adontha ankaikapo kadontho. Kuseri kwa pepala ankalembako dzina la mwini diso ndi nyengo yake, n'kulisunga mu thiranki yamalata.

Ankakonda kunena kuti thupi lonse Mulungu analitseka, koma diso analisiya lotsegula, ndipo ndi malo okhawo amene munthu angaone magazi a mnzake ali m'njira yake popanda kumucheka. Ankatinso matenda a shuga ndi othamanga magazi amayamba kulemba dzina lawo m'diso mwini wake asanamve kupweteka. Ine ndinkamva zonsezi tsiku lililonse la msika, ndikupalasa makina, ndipo ndinkati ndi kudzikuza kwa anthu ogwira ntchito ndi azungu.

Anyezi sankadya, fodya sankasuta, mowa sankalawa. Ankati munthu amene ntchito yake ndi kupumira pa nkhope za anzake asamawazunze ndi fungo. Ankanunkhira sopo nthawi zonse, ndipo amayi a pamsika sankatopa kukamba za manja awo, kuti ndi ofewa, kuti akakugwira pachipumi mutu umaleka kupweteka. Ine ndinasoka madiresi a ukwati a theka la amayi amenewo, koma za manja anga sindinamvepo wina akukamba. Analinso ndi chizolowezi chonena chilichonse cha wodwala ngati ndi chawo chomwe: mutu wathu ukupweteka pati, diso lathu lagona bwanji, mwendo wathu watupa liti. Chizolowezi chimenechi muchikumbukire, chifukwa ndi chimene chinandigwetsa.

Musaganize kuti anali mngelo. Anali ouma mutu, ndipo akapsa mtima ankalalata osaona kuti pali ndani. Anakangana ndi a Saidi mwezi wathunthu chifukwa cha mchere umene a Saidi ankawaza pa nyama yootcha, mpaka kuwalanda mbale pamaso pa makasitomala. Nsanje nayonso anali nayo, ndipo ine ndinakondwa tsiku limene ndinaiona. Anali atakalamba kale pamene anamva kuti ku chipatala china chachikulu kwabwera kamera yojambula kuseri kwa diso. Anakwera basi kukaiona. Atabwerako anakhala pa benchi langa n'kunena kuti kumeneko amabaya munthu mankhwala achikasu pamkono, mankhwalawo akafika m'diso timitsempha timawala, ndipo kamera imagwira ngakhale tija tating'onoting'ono timene iwo sanationepo moyo wawo wonse. Wodwala amakodza chikasu tsiku lonse, anatero, ngati kuti chimenecho n'cholakwa chachikulu. Ndinawafunsa mwachipongwe ngati pensulo zawo tizigawire ana a sukulu. Anandiyang'ana, n'kunena kuti kamerayo imaonadi bwino kuposa iwo, koma sidziwa kuti disolo linali lotani chaka chatha. Tsiku limenelo anatseka msanga, ndipo ine ndinapita kunyumba ndikuimba mluzu.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya kale kuposa pamenepo. Mkazi wanga Nangondo tinakhala naye zaka zisanu ndi chimodzi popanda mwana. Anthu ananena zonena, abale anga ananena zonena. Kenako anaima, ndipo amene ankaseka aja anayamba kunong'ona zina, kuti kodi atelala apeza kuti mphamvu. Ndinkachita ngati sindikumva, koma mawu otere amalowa ndithu. Mimba itafika miyezi isanu ndi iwiri, Nangondo anayamba kudandaula mutu, mapazi anatupa, ndipo ankati akuona tinyenyezi masana. Tsiku la msika anadutsa pa makina anga n'kukakhala pa mzere wa a Katochi. Anamudontheza mankhwala, anadikira, analowa, bulangete linagwa.

Ndinaleka kupalasa makina. Sindikukana, ndinatchera khutu.

"Eya, kamwana kathu kakula bwino tsopano," anatero a Katochi mumdimamo, ndi mawu awo ofatsa aja. "Senderani kuno, mayi, musachite manyazi. Yang'anani khutu langa, musaphethire."

Kamwana kathu! Bulangete lija linali ndi pong'ambika, ndipo ndinasuzumira. Ndinaona nkhope yawo itatsala pang'ono kukhudza ya mkazi wanga, dzanja lawo lofewa lija lili pachipumi pake. Nangondo atatuluka maso ake anali aakulu, akuda bii, misozi ikulengeza, ndipo anaphimba nkhope ndi chitenje osatha kundiyang'ana. Ine ndinati ndi manyazi a munthu wogwidwa. Anandiuza kuti adokotala akundifuna msangamsanga, pali zoti andiuze. Ndinamuyankha kuti zoti andiuzezo ndazimva kale, ndipo ndinanyamula makina kupita kunyumba. Koma ndisanachoke, a Katochi atapita kukasamba m'manja, ndinalowa n'kutola pepala limene linali pamwamba pa tebulo, osayang'ana n'kuseri komwe.

Amene anakhalapo masiku amenewo akudziwa. Munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ndipo mawu amodzi oponyedwa pa khutu loyenera ankatha kuchotsa munthu pamudzi osadzaonekanso. Ine ndinkadziwa zimenezi bwino lomwe. Sabata imeneyo ndinali kusoka suti ya tcheyamani wa chipani wa dera lathu. Atabwera kudzayesa, ndinatulutsa pepala lija ndili ndi mapini pakamwa, n'kunena kuti ine sindikunena kanthu, koma pali munthu amene amayenda pa njinga midzi yonse, amadzitsekera mumdima, ndipo amajambula zinthu ngati izi. Tcheyamani analiyang'ana cha uku ndi cha uku, osaona kuseri kwake. Ine sindinatchule mawu akuti mapu. Ndinangodikira kuti awatchule okha, ndipo anawatchula.

Tsiku la msika lotsatira a Katochi sanatsike n'komwe panjinga. Amuna atatu a chipani anawagwira pamsewu, n'kupita nawo ku kalasi ina ya pasukulu pamodzi ndi chikwama chawo. Ine anandiitana ngati mboni. Tcheyamani anayala pepala lija patebulo, atavala suti yanga yatsopano.

"Madala, musatipusitse," anatero. "Uwu si Linthipe uwu? Uwu si Diamphwe, apa pokumanapa? Malo oyerawa ndi Lilongwe. Nanga timitanda iti ndi milatho, eti? Madontho ofiirawa mukufuna kuikapo chiyani? Wakutumani ndani?"

A Katochi anapempha magalasi awo, anayang'ana pepalalo, kenako anayang'ana ine. Sanandiyang'ane nthawi yaitali, koma mpaka lero ndimamva pamene maso awo anagwera.

"Mapu ndi mapudi, bwana tcheyamani," anatero. "Ndipo dziko lake lili pafupi. Tatembenuzani pepalalo."

Tcheyamani anatembenuza, n'kuwerenga mokweza: "Nangondo, wa kwa atelala, diso lamanzere." Onse anacheukira kwa ine. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Anatuma munthu kukamutenga Nangondo. Anabwera akuyenda movutika, mapazi atatupa mpaka nsapato zinakana. A Katochi anamudontheza mankhwala, n'kunena kuti titseke mazenera ndi mabulangete, tidikire kamwana kakule.

"Kamwana kati?" anafunsa tcheyamani.

"Ka m'diso, bwana. Kakuda ka pakatika. Mankhwalawa amakakuza kuti kuwala kulowe, apo ayi sindingaone kanthu."

Mawu amenewo ndinkawadziwa kuyambira ndili mwana. Ndani sadziwa kamwana ka m'diso? Koma khutu la munthu wansanje limamva zake. Theka la ola limenelo ndinakhala pa kampando ka ana a sukulu, maondo ali kukhosi.

Tcheyamani ndiye anayamba kusuzumira. Analephera kangapo, kenako anangoti "Haa!" n'kubwerera m'mbuyo. A Katochi anatenga katochi kaja n'kundiika m'manja.

"Atelala, inu ndi amene munapeza mapuwa. Bwerani mudzaone dziko lake. Diso lamanzere ndi lamanzere. Senderani, si mlendo ameneyu."

Zaka zisanu ndi chimodzi ndili naye, sindinayandikirepo nkhope ya mkazi wanga masana motero. Poyamba ndinangoona kufiira kokhakokha. Dzanja la a Katochi linagwira langa n'kulisuntha pang'ono, ndipo mwadzidzidzi kamtsempha kanatulukira, kofiira, kokhotakhota, kogawika pawiri, ndendende ngati pa pepala paja. Pambali pake panali kanzake kowonda ngati ulusi wanga wosokera malaya. Ndipo cha pakati panali kadontho ka magazi.

"Umenewo si mlatho, atelala," anatero a Katochi, ndipo apa mawu awo sanalinso ofatsa. "Magazi a mayiwa akuthamanga koopsa, mitsempha ikuphulika. Zimene mukuona m'disomo zikuchitikanso m'mutu ndi mu impso. Akakomoka kunyumba, mutaya onse awiri. Ndinakuitanani sabata yatha kuti mupite nawo ku Nkhoma tsiku lomwelo. Masiku asanu ndi awiri tataya. Lero musataye ola."

Tinanyamuka masana omwewo pa lole ya a Saidi. Tisananyamuke ndinamva tcheyamani akugamula, pofuna kuti asachoke chimanjamanja, kuti kuyambira tsopano pepala lililonse lizilembedwa pamwamba ndi zilembo zazikulu kuti DISO. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati adokotala angayang'aneko lawo.

Nangondo anakomoka patapita masiku awiri, ali pa bedi la chipatala, anamwino ali pafupi. Mwana anamutulutsa masiku asanakwane, kamtsikana kokwana m'dzanja limodzi, ndipo kanakhala moyo. Nangondo nayenso anadzuka, koma diso lamanzere linatsala ndi chimthunzi pakati, moti ulusi mu singano sanalowetsenso. Kamodzi kokha ndinawafunsa a Katochi ngati sabata ija ndi imene inadya disolo. Anandiyankha kuti iwo amajambula zimene zili m'diso, zimene zikanakhalamo sadziwa kujambula. Akanandilalatira ngati mmene anawalalatirira a Saidi pa nkhani ya mchere, bwenzi nditapepukidwa. Koma ayi, nkhani ya mapu sanaitchulenso mpaka imfa yawo, ndipo chimenechi ndi chimene sindinawakhululukire. Munthu angakhale bwanji wabwino chotero pa khonde limodzi ndi ine, sabata ndi sabata?

Ndinasoka katani yakuda ya nsalu yokhuthala, yopinda pawiri, n'kuipachika pakhomo paja m'malo mwa bulangete long'ambika. Sindinanene kuti ndi kupepesa, iwonso sananene kuti zikomo. Anangoikoka, n'kunena kuti mdima wake ndi wabwino. Mwana uja Nangondo anapita naye kwa iwo kuti amutche dzina, osati kwa ine kapena kwa abale anga. Anamutcha Taona. Ine ndikanatani? Nkhuku yonenepa pakhomo pathu inkadziwika kuti ndi ya adokotala. Chaka chilichonse tikakolola, Nangondo ankalowa kuseri kwa katani yanga ija, ndipo ine ndinkapalasa makina mwamphamvu kuti ndisamve kanthu. Akatuluka ndinkafunsa kuti zili bwanji, iye n'kuti zili bwino, bambo.

Ineyo sindinalowemo. Tsiku lililonse la msika, akamatsamiritsa njinga, a Katochi ankandifunsa kuti, "Atelala, diso lathu liti?" Ine n'kuti, "Mawa, adokotala." Tonse tinkaseka. Koma ine sindinkaseka ndi mtima wonse. Ndinkaopa kuti munthu woona magazi a mnzake ali m'njira yake aonanso zina zimene zinali mwa ine.

Nangondo anatisiya dzinja la chaka chatha chija. Anagwa akupeta chimanga pakhomo, sanalankhulenso. Chithunzi chake ndilibe, sitinajambulitsepo.

Lachiwiri lija, titachoka kumanda, mwana wamkazi wa mlongo wawo wa a Katochi anatulutsa thiranki yamalata ija pabwalo. Anati malume ake anasiya mawu akuti aliyense apatsidwe diso lake. Anayamba kuitana mayina. Anthu ankapita mmodzimmodzi, ena akuseka, ena akulira, n'kubwerera ndi mapepala olembedwa DISO pamwamba. A Saidi analandira awo. Tcheyamani wakale uja, amene tsopano akuyenda ndi ndodo, analandira ake asanu ndi atatu. Anthu amene anabwera pa Nathenje dzulodzuloli analandira. Dzina langa silinatchulidwe, ndipo ndinkadziwa kuti silitchulidwa, komabe ndinamvetsera mpaka kumapeto ngati mwana wodikira kugawiridwa. Kenako mayiyo anaitana kuti, "Nangondo, wa kwa atelala." Ndinaimirira.

Anali mapepala khumi ndi anayi omangidwa ndi luzi. Loyamba linali lija ndinaba, likadali ndi mapindo a m'thumba mwanga. Kunyumba ine ndi Taona tinawayala pamphasa motsatana. Ngakhale ine wosaphunzira za maso ndinaona mizere yofiira ikuwonda chaka ndi chaka, timitanda tikuchuluka, madontho akuwonjezeka. Kuseri kwa pepala lomaliza, pansi pa dzina, panali mawu ena a pensulo yabuluu: "Ndawauza zoona. Ati tisawauze atelala, sangapirire."

Ndiye mwaona. Miyezi yonseyo mkazi wanga ankadziwa, a Katochi ankadziwa, ine ndikudya nawo, ndikuseka nawo pakhonde. Chinsinsi chimene ndinawanamizira kalekale chija sichinalipo, koma china chinadzakhalapo, ndipo mwini wake anaona kuti woyenera kuchisunga ndi iwo. Sindikuti analakwitsa. Munthu amene anathamangira kwa tcheyamani chifukwa cha mawu amodzi, mungamuuze za imfa? Koma zimandiwawa, ndipo ndikuwachitirabe nsanje madala amenewo ngakhale ali m'manda, chifukwa anamudziwa Nangondo kufika pamene ine sindinafike.

Dzulo linali tsiku la msika. Pamene pankatsamira njinga pali chizindikiro chakuda pakhoma, pamene chogwirira chinkakhula zaka zonsezi. Amayi awiri ochokera kutali anabwera kudzakhala pa benchi, ndipo ndine ndinawauza kuti abwerere. A Saidi akuti kachipindako aikamo matumba a mchere, ndipo atanena zimenezo anaseka, kenako anapukuta m'maso. Ndinawapempha kuti adikire pang'ono ndichotse katani yanga.

Ndinalowa. M'katimo muli mipando iwiri yoyang'anizana, yoyandikana moti munthu sangadutse pakati. Pa msomali pamene ankakoleka chikwama chawo palibe kanthu. M'ming'alu ya simenti mwatsalira tizipalo ta pensulo, tofiira ndi tabuluu, ndipo fungo la sopo silinathe. Katani ija sindinaichotse. Ndinaikoka mpaka kumapeto, ndipo mdima wake ndi wabwinodi, ndinasoka bwino. Ndinakhala pa mpando wa odwala, umene sindinakhalepo chiyambire, n'kutsegula maso, osaphethira. Mumdima kamwana ka m'diso kamakula kokha popanda mankhwala, ndipo kanga kanakula. Woti asuzumiremo panalibe.